Kachikwama Kamene Munapita Nako

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Kuno tilipo, ngati kumeneku kungatchedwe kukhalapo. Ndi Julayi, kuzizira kwakula, ndipo mphepo yochokera kudambo ikulowa pansi pa chitseko ngati ili ndi chipinda chake muno.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo salonjeredwa ndi maliro. Felesiya, mwana wa mng'ono wanu a Rozina, anachira ku Kabudula mu Meyi, mwana wamwamuna. Amutcha Yotamu, dzina la alongo anu, ndipo makutu watengeranso komweko, koma poti ndi mwana tikumukonda choncho. Mtedza wa kuseri kwa chulu unachita bwino, mukanauona mukanavina. Chimanga ndiye ayi, feteleza anafika chitamasula kale ngayaye. Chimbudzi chinagwa ndi mvula ya Malichi. Munalibe munthu, ngakhale ndili nawo mayina a anthu amene ndikanakonda akanakhalamo. Nkhuku yanu yamawanga ija inaswa anapiye, mphamba wagawana nafe pakati ndi pakati. Kutchalitchi amayi akuimbabe nyimbo yanu ija, koma poyambira pake palibe amene amapapeza. Amaiyambira m'mwamba, akafika pakati n'kumayang'anana.

Chipinda chanu simungachizindikire. Atsibweni a Yotamu anati popeza nyumba ino ndi yamalata ndipo ili ndi chitseko chokiya, fodya wawo azisungira muno. Bedi lanu analitulutsa, pamalo pake pali mabelo. Kusankha ankasankhira pakhonde pathu, jeke yodindira mabelo anaimika pansi pa mtengo wa mango. Fumbi la fodya wa bale mukulidziwa, lija lolowa mpaka mu ufa. Ndinawauza kuti muno mumagona mwana wa mphumu. Anati, "Tonsefe tinakulira m'chigafa, anafa ndani?" Ine ndinati, "Amene anafawo sangakuyankheni." Kuyambira tsiku limenelo moni wathu ndi wotukula chibwano.

Ndikudziwa zimene mukunena kumeneko. Mukuti, "Nambewe, pakamwa pakopo mpamene padzakugonetse ndi njala." Mwina munalondola. Koma lero sindinalembe kuti mundilangize. Ndalemba za Tadala, mdzukulu wanu, ndi za kachikwama kanu kaja.

Mukukumbukira momwe mwanayu analili tisanapite naye ku chipatala chachikulu ku tauni. Mphuno zosatseguka chaka chathunthu, kuyetsemula kuyambira pakhomo mpaka pachitsime, maso ofiira, m'chifuwa mukulira ngati muli mwana wa mphaka. Mango akachita maluwa, mwana pansi. Anyamata akatentha tchire posaka mbewa, mwana pansi. Tinapita awiri, inu mutamubereka ngakhale anali wamkulu kale, miyendo yake ikugunda m'mawondo mwanu. Dokotala wachitsikana uja, wamagalasi, anatipatsa zinthu zitatu: kopopera ka buluu, kopopera ka bulauni, ndi kabotolo kopopera m'mphuno. Anati ka buluu nkothandiza mwana akabanika, kamatsegula chifuwa nthawi yomweyo. Ka bulauni ndi ka m'mphuno ndi mankhwala amodzi, a mtundu wa siteroyidi, ophwetsa kutupa kwa njira za mpweya pang'onopang'ono. Munthu akapopera samva kanthu, koma ayenera kupopera tsiku ndi tsiku, ngakhale akuseka ndi kuthamanga. Anatichenjeza kuti ka bulauni kamasowa, titasunge ngati diso.

Ine ndinakufotokozerani ndi Chingerezi changa chonse cha kuyunivesite, ndikutchula dzina lake lalitali lija, bekilometazoni, kuti anthu a pabenchi amve kuti ndimatha. Inu munangoti, "Ndamva. Ka bulauni nkufolera nyumba, ka buluu nkutchera beseni podontha." Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenaka anatenga botolo la pulasitiki la madzi akumwa, analiboola kumatako, n'kutionetsa momwe kopopera kamalowera pabowopo, mwana n'kumapuma kukamwa kwa botolo.

Titafika kuno munasoka kachikwama ndi chidutswa cha chitenje chanu cha maluwa achikasu. Munaikamo zonse zitatu pamodzi ndi mapiritsi anu a kuthamanga kwa magazi, n'kumakakoleka pamsomali kumutu kwa bedi lanu. Ine ndinkalawirira ku Nsaru, ku kasukulu kapulayiveti kamene amandilola kugwira choko popanda pepala, choncho ntchitoyi inali yanu. M'mawa asanamwe phala, madzulo musanapemphere. Munkamukhazika pamiyendo, botolo kukamwa, inu n'kumang'ung'udza nyimbo kuti apume mosathamanga. Akatha munkamupatsa madzi kuti achukuche, n'kumapikisana kuti alavulire patali ndani. Chaka chimenecho Tadala anadumpha chingwe. Anasewera fulaye mpaka kung'amba diresi. Ndinamva koyamba kuti mwana wanga ali ndi mawu aakulu, ndipo ndi wamwano ngati mayi wake.

Anthu sanasangalale nazo, mukudziwa. Mayi aang'ono a Rozina ankati kopopera ndi mankhwala omaliza, amapatsa munthu amene madokotala amutaya. Ankati mwana akazolowera kupopera mapapo ake amachita ulesi. Inu munkawayankha mofatsa kuti, "Mng'ono wanga, ulesi wa mapapo sindinauone, koma wa manja ndikuuona." Iwo n'kusintha nkhani.

Zimene zinachitika pa maliro anu simunazione, ngakhale munali pakati pake, ndiye lekani ndikuuzeni.

Munagwa m'mawa, mutamupopera kale mwana, mutabweza kachikwama pamsomali. Dzuwa lisanapendeke munali mutatisiya. Ana onse anawatengera kwa aneba, monga zikhalira, kuti asaone mtembo. Ine anandikhazika pamphasa pakati pa amayi, wina atandigwira phewa ili, wina ili, ngati ndithawa. Posambitsa sanandilole kulowa, akuti mwana sasambitsa make. Analowa a Rozina ndi amayi awiri achikulire. M'mawa mwake bokosi linafika, anakuikani, tinaona nkhope, anakhoma. Munali bwino, amayi. Anakumangani duku loyera lija, mowongoka kuposa momwe munkamangira nokha.

Adzukulu onyamula maliro atayamba kuyandikira pakhomo, ndinamva wina akukoka nsalu yanga. Anali Tadala, wathawa kwa aneba. Anandinong'oneza kuti, "Amama, agogo sanandipopere dzulo madzulo. Lero m'mawanso."

Ndinadzuka, ndinalowa kuchipinda kwanu. Msomali unalipo, botolo linali pawindo, kachikwama panalibe. Ndinafunsa a Rozina. Anandiyankha modekha, ngati ndafunsa mchere: "Mankhwala a malemu sasiyidwa m'nyumba, mwanawe. Nthenda imatsala n'kumafuna wina. Tawaikira kumanja kwawo, pamodzi ndi buku la nyimbo."

Ndinati, "Munatsegulamo?"

Anati, "Chikwama cha malemu n'chotsegula?"

Ndinatuluka, ndinapita kumene kunakhala amuna, ndinagwada pamaso pa alongo anu. Ndinagwada, amayi, ine. Ndinati, "Atsibweni, m'bokosimo mwalowa mankhwala a mwana. Misomali ndi yochepa, hamala ili apo. Azule mbali imodzi yokha, ine ndipisa dzanja ndekha." Amuna onse anayang'ana pansi. Atsibweni anati, "Bokosi likakhomedwa silitsegulidwa. Ukufuna mayi ako abwerere m'mudzi muno?" Ndinati, "Akabwerera adzakhala munthu mmodzi yekha wanzeru m'mudzi muno." Apo ndiye anakwiya. Anati, "Yunivesite imene sunamalize ija ndi imene ikukuzunguza mutu. Mankhwala ali mbwee kuchipatala. Khala pansi ulire ngati anzako." Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo mokweza, amayi awiri anandikoka m'khwapa, adzukulu ananyamula. Ndinayenda pambuyo panu mpaka kumanda ndikuyang'ana mbali ya kumanja ya bokosi. Anthu amati ndinalira kwambiri tsiku limenelo. Mundikhululukire, theka la misozi ija silinali lanu.

Mankhwala ali mbwee kuchipatala. Mawu amenewa ndayenda nawo miyezi yonseyi. Ku chipatala chathu chaching'ono mnyamata wa pawindo ananditembenuzira chikope n'kuti, "Ka bulauni? Kuno sitinakaonepo." Anandipatsa mapiritsi. Ndinakwera matola mpaka ku tauni. Dokotala wamagalasi anasamutsidwa, palibe akudziwa kuti anapita kuti. Amene ndinamupeza analemba dzina lomwe lija papepala, pawindo anati atha, ndibwere mwezi wamawa. Ndinabwerera mwezi wamawawo, anati mwezi wamawa. Ka buluu kokha ndinapeza, ndiye kuti beseni lotchera podontha tili nalo, denga ndiye linasasuka. M'sitolo ya mankhwala ya amwenye ka bulauni kalimo, ndinakaona ndi maso angawa, kali pashelefu kuseri kwa galasi. Atanditchulira mtengo ndinaseka, mtsikana wogulitsayo anaganiza kuti ndachita misala. Kasukulu kathu ka ku Nsaru kanatseka teremu yatha, mwini wake anati ana achepa, tsopano mukusungidwa soya.

Ndinaphunzira sayansi zaka ziwiri ndi theka, amayi. Zinakwana kuti ndidziwe dzina la chimene chikupha mwana wanga, ndi dzina la chimene chingamupulumutse, ndi kalembedwe kake komwe. Kugula ndiye sizinakwane. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu amadutsa pa Msundwe pagalimoto zotseka mawindo. Ine ndinabwerako ndi mimba ndi dikishonale.

Atsibweni, mwina chikumbumtima chitawaluma pang'ono, anati fodya akagulidwa adzandipatsa yogulira. Ndiye taonani momwe zinthu zilili: fodya amene akutsamwitsa mwanayo ndi yemweyo tikumudikira kuti amugulire mpweya. Ndinasiya kudandaula za mabelo. Ndinafika pomawathandiza kumanga masamba m'zindindi, ine, mwana ndikumutumiza kukakhala kwa aneba. Mabelo anapita ku okushoni mu Meyi. Ambiri abwerera, akuti masamba anasakanizidwa. Awamasula, akusankhanso pakhonde pomwe pano, ndipo fodya wouma kawiri fumbi lake ndi loposa loyamba. Atsibweni akaona ine amayamba kufunafuna chinthu m'matumba mwa jekete.

Tadala anabwerera mwakale sabata zochepa chikuikireni. Zinayamba ndi mphuno, kenaka kutsokomola kwa mbandakucha, kenaka kamphaka kaja kanabwerera m'chifuwa. A Rozina anabwera ndi masamba a bulugamu, anamufunditsa bulangete pa mphika wa nthunzi, mwana anatuluka milomo itada. Ndinataya mphikawo kubwalo, madzi ake anawathira m'mapazi. Akuti ndinawatemberera. Sindinawatemberere, ndinangowauza kuti manja awo akagwira chinthu chimafuna bokosi.

Chimene chikundiwawa koposa ndi ichi. Mapiritsi amene amatipatsa akabanika, puredinisoloni, ndi achibale a mankhwala a mu ka bulauni, koma ka bulauni kamapita m'chifuwa mokha, pang'ono, pamene mapiritsi amayenda thupi lonse. Ndi oyenera kumwa masiku ochepa basi. Tadala wamwa kambirimbiri chaka chino, chifukwa china chomupatsa palibe. Nkhope yake yatupa, yazungulira ngati mwezi, masaya alendewera, miyendo ili ngati bango. Ine ndikudziwa kuti kumeneko si kunenepa. Koma Lamulungu lapitali, potuluka m'tchalitchi, amayi anamuzungulira, akumutsina masaya. "Taonani Tadala wanenepa. Wakongola ngati mwana wa ku tauni." A Rozina anandiyang'ana n'kunena pagulu kuti, "Waona, Nambewe? Tinanena ife kuti kopopera kaja kankamudya mwanayu. Mulungu amadziwa pochotsera zinthu." Amayi onse anavomera ndi mitu. Ndinamugwira mwana dzanja, tinabwerera kunyumba. Mpaka lero sindikudziwa ngati a Rozina sanatsegulemo m'kachikwama muja, kapena anatsegula n'kutseka.

Ndikuuzeni chinanso, musadzidzimuke. Ndinaganiza zokukumbani. Tizitini topopera timeneti ndi totseka bwino, chinyezi sichilowa, ndipo kaja kanali katsopano, tinali titangokayamba. Ndikaima pakhonde mitengo ya kumanda ndimaiona. Mankhwala a mwana wanga ali pafupi kuposa chigayo. Ndinapita kwa atsibweni masana, poyera, kuti asati ndimachita zamseri, ndinati tipemphe adzukulu atsegule, abusa akhalepo, tipemphere, titenge, tikwirire. Anaika pansi tsamba limene ankasankha, anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanakalipe. Anati, "Mwana wa mlongo wanga, mawu amenewa athere pano. Wokumba manda ali ndi dzina limodzi lokha. Akamva anthu, nyumba iyi aiotcha iwe ndi mwana muli momwemo, ndipo ine sindidzatha kuwaletsa." Pamenepo ananena zoona. Ndi zoona zoyamba kumva kwa iwo chaka chino.

Lachinayi lapitali, dzuwa lili paliwombo, Tadala anabanika kuposa kale lonse. Anali atakhala pamwala paja potsukira mbale. Ndinangoona mapewa akukwera ndi kutsika, pakhosi pakulowa mkati, mawu osatuluka. Ka buluu ndinapopera mpaka kanayamba kutulutsa mphepo yokha. Wanjinga yamoto anatitenga, ine ndili kumbuyo, mwana pakati, mutu wake ukugunda pamsana pa munthuyo m'mabampu monse. Kuchipatala anamuika chophimba kumaso cha nthunzi ya mankhwala, anamubaya, anatigoneka. Mpweya wake unabwerera. Wachipatala amene anatithandiza, bambo wachikulire wofatsa, ananditengera pambali n'kuti, "Mayi, mwanayu akufunika mankhwala oteteza a tsiku ndi tsiku, ndipo achoke pafupi ndi fodya. Ulendo wina msewu udzatalika." Ndinamufunsa kuti mankhwalawo ali nawo. Anayang'ana nsapato zake. Ndinamufunsa kuti kumene kulibe fodya m'dera lino ndi kuti. Anayang'ananso nsapato.

Tatuluka dzulo. Botolo lija likadali pawindo, ndipo ndazindikira kuti mwanayu amalitenga ine ndikakhala kumunda. Lero ndamupeza atakhala pakhomo pa chipinda chanu, msana atatsamira belo, botolo lopanda kanthu lili kukamwa, akupuma pang'onopang'ono, akudzing'ung'udzira yekha nyimbo yanu. Atatha anatenga madzi, anachukucha, analavula. Sanafike patali.

Anandifunsa kuti, "Amama, agogo kumeneko akupopera ndani?"

Ndinati palibe, akungosunga.

Anati, "Akusungira ine, eti?"

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinakhala kumeneko mpaka nkhuku zinayamba kundizungulira.

Munkati khasu la mnzako sulidalira mvula itagwa. Ine ndadalira chipatala, ndadalira fodya, ndadalira atsibweni, ndafika podalira manda. Ogasiti akubwera, mango ayamba kale kutupa nsonga, anyamata akunola makasu a mbewa ndi kusunga machesi. Chaka chatha nyengo imeneyi tinadutsa tikuseka chifukwa denga linali lofolera. Chaka chino sindikuona podutsira. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Ndikulemba kuti mukhale okonzeka, chifukwa inu simunkakonda alendo odzidzimutsa.

Ngati angafike kumeneko ine ndisanafike, kachikwama kali kudzanja lanu lamanja, pansi pa buku la nyimbo. Muyambe mwakhutchumula kachitini, paja kakhalitsa. Kawiri m'mawa, kawiri madzulo, monga kale. Ka m'mphuno kamodzi uku kamodzi uku, mutu ataweramitsa, musalole kuti akokere mwamphamvu. Musaiwale madzi ochukucha. Botolo ndidzamupatsira, ndidzaliika ndekha ndi manja angawa, ndipo amene adzayese kundiletsa kulowa posambitsa adzadziwa chimene pakamwa panga panasungira. Mapiritsi anu musamupatse, ndi oyera mofanana ndi ake, amasokoneza. Nkhope yake musadabwe nayo, idzaphwa. Ndipo akayamba kuthamanga mumuleke athamange, ngakhale ang'ambe diresi.

Koma musayale mphasa msanga. Lolemba ndikupitanso ku tauni. Mtedza wa kuseri kwa chulu uja ndausenda wonse, ndi wa mbewu womwe, ndiunyamula pamutu mpaka pamsewu. Ukakwana ndibwera nako ka bulauni kamodzi, ndipo kakadzatha sindikudziwa. Ndikulonjezani chinthu chimodzi chokha, chimene ndingathe: ndimugwira mwanayu mbali ino mpaka zala zanga zitakanika, ndipo kachikwama katsopano ndikasoka ndidzakamanga m'chiuno mwake mwa iye mwini, kuti wina akadzafuna kukakwirira adzayambe wandipempha ine.

Ndimakukondani, amayi, ngakhale munapita ndi zimene sizinali zanu. Ndikudziwa kuti mukanakhala ndi pakamwa tsiku lija, mukanagogoda m'bokosimo mpaka akanazula misomali.

Ndine mwana wanu wamwano uja,
Nambewe